Maso a Anthu Akakhala pa Iwe

Mwana wanga, khala apa undimvere. Anzako ogwira ntchito m'maloji a ku Mfuwe salekana nalo liwu lachingerezi lakuti publicity. Tanthauzo lake n'lakuti maso ndi makutu a anthu ali pa iwe, basi. Kaya akukuyang'ana mokukonda, kaya mokuseka, liwulo silisankha.

Choyamba, usayese kuti kutchuka ndi ulemu. Mu 1991 mkango unadya anthu 6 kuno ku Mfuwe. Mlenje wa ku America anauwombera, ndipo lero auimika ku Field Museum mumzinda wa Chicago, alendo akuujambula. Mkangowo ndi wotchuka. Koma amene anadyedwa aja, ndi abale awo okha amene amawatchula maina.

Chachiwiri, dziwa kuti kamera imaona zimene mwini wake akufuna. Njovu zimene zimadutsa pakhomo la Mfuwe Lodge chaka ndi chaka kukadya zipatso za mtondo, dziko lonse laziona. Nanga njovu ikamaliza munda wa chimanga usiku umodzi kwa Kakumbi kapena kwa Mnkhanya, ndani amadzuka kudzajambula? Izi zimandiwawa mtima. Tsono ukapeza mpata woyankhula ndi alendo kapena pa wailesi, nena za munda umenewo ndi ana amene agone ndi njala. Usamangomwetulira kuti akujambule.

Foni yako uisamale. Ukaika pa Facebook chithunzi utanyamula nyama ya m'tchire, oyang'anira nyama nawonso ali ndi mafoni, ndipo adzafika pakhomo pano. Ukaonetsa ndalama za malipiro, waitana mbala ndi opempha ngongole. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Pamaliro foni ikhale m'thumba. Pamwambo wa Malaila usayandikize kamera pankhope ya akuluakulu osapempha. Adzangokhala chete, koma tsiku limene udzafune mkhalapakati pa mlandu kapena paukwati adzakumbukira.

Sindikuti ubisale, ayi. Mu 1950 Mfumu Nsefu inagwirizana ndi Norman Carr kutsegula msasa woonerako nyama, ndalama za alendo n'kumabwerera kwa Akunda. Dzina la dambo la Luangwa linamveka kutali chifukwa panali chinthu chenicheni choonetsa. Iwenso ngati ukufuna kukhala woperekeza alendo m'paki, phunzira mapazi a nyama, kulira kwa mbalame ndi maina a mitengo, ukhoze mayeso ako. Mawa m'mawa upite kwa amalume ako, akakuphunzitse kusiyanitsa phazi la kambuku ndi la fisi.