Mlonda wa Pamsewu ndi Maliro Amene Sanachitike

Munthu aliyense amene anatsikapo kuchokera ku Dedza kudzera njira ya Khwekhwelere, ija iyambira pa Masasa ndi kukhotakhota m'mapiri kufikira itagwera pa Golomoti, adziwa kuti mtima sukhala m'malo mpaka matayala ataponda chidikha; ndipo adziwanso kuti mtima ukangokhala pansi phazi la dalaivala liyamba kulemera, pakuti msewu wa M5, wochokera ku Balaka kunka ku Salima, unyenga munthu kuti zoopsa zonse zatsala kumtunda. Koma m'mbali mwa msewu womwewo muli misika, muli ana opita kusukulu, ngolo za ng'ombe, amayi osenza nkhuni, ndi anyamata a kabaza onyamula matumba a makala. Ndipo pakati pa liwiro la galimoto ndi moyo wa khamu lonseli boma linaikapo chinthu chochepa modabwitsa, ndicho munthu wa mwazi ndi mnofu, woimirira padzuwa, wokweza dzanja.

Tiyenera kuliyang'anitsitsa dzanja limeneli, chifukwa tinalizolowera kotero kuti sitionanso kulimba mtima kumene kuli m'menemo. Msilikali popita kunkhondo adziwa mdani wake, ndipo amuonera patali. Koma wapolisi wa pamsewu, pamene aponda phula kuti aimitse lole yodzaza simenti, sadziwa ngati mabuleki ake ali amoyo, sadziwa ngati woyendetsayo wagona usiku wathawu kapena wachezera pabotolo, sadziwanso ngati m'galimotomo muli anthu a mtendere kapena achifwamba othawa mlandu. Chimene atsamira ndicho chikhulupiriro chakuti mlendo amene sanamuonepo chibadwire adzalemekeza lamulo. Alipo anzake amene chikhulupiriro chimenechi chinawapereka, nagundidwa ali pa ntchito, ena nalumala, ena natisiya. Ndipo iye adziwa zimenezi m'mawa uliwonse pamene avala yunifolomu.

Tsono pali funso limene ligona pansi pa nkhani yonseyi, ndipo ndi funso la chipembedzo ngakhale timalifunsa titakhala pa mpando wa minibasi. Ngozi ikachitika, mawu amene amveka pasiwa ndi akuti nthawi inakwana, chinali chifuniro cha Mwini moyo. Ena anong'ona kuti pali dzanja la munthu. Mawu oyambawo ndi otonthoza, ndipo sindiwachotsa pakamwa pa mayi wolira mwana wake. Koma ngati tiwatenga monga chiphunzitso, ndi kunena kuti tsiku la munthu silisuntha angakhale dalaivala athamange motani, ndiye kuti wapolisi uja aimirira padzuwa la ku Mtakataka pachabe, ndipo ntchito yake ndi kulimbana ndi Mulungu. Malembo sanena chomwecho. M'buku la Deuteronomo womanga nyumba alamulidwa kutchinga m'mphepete mwa tsindwi lake, kuti wina akagwa mwazi usakhale pa nyumbayo. Ndipo lamulo lotere likanakhala lopanda pake kukanakhala kuti kugwa kwa munthu kunalembedwa kale kosasinthika. Ambuye Yesu yemwe, woyesa uja atawaimika pamwamba pa Kachisi ndi kuwakumbutsa za chitetezo cha angelo, anakana kudziponya pansi. Dalaivala amene alemba dzina la Mulungu pagalasi la kumbuyo, napakiza anthu anayi pa mpando wa atatu, napitirira mnzake pokhota posaoneka kutsogolo, achita chimene Ambuye anakana kuchita. Ndipo wapolisi womuimitsa ndiye ali kumbali ya chikhulupiriro choona, ngakhale okwera onse am'ng'ung'udzire kuti awachedwetsa.

Mneneri Ezekieli anauzidwa za mlonda woikidwa kuti aone lupanga likudza ndi kuliza lipenga, ndi kuti akakhala chete mwazi wa ophedwawo udzafunsidwa pa iye. Chovuta cha ulonda n'chakuti zipatso zake sizioneka. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, kuli chipatala chimene chalandira ovulala ambiri a pamsewu umenewu. Ndipo wochira akamatuluka athokoza namwino ndi dokotala, moyenerera ndithu, pakuti bala analiona, ulusi wosokera anauona. Msamariya wachifundo timkumbukira mibadwomibadwo chifukwa munthu amene anamtola pa njira yotsikira ku Yeriko anali atagona m'mwazi. Koma tiyerekeze kuti pa njira imeneyo panali mlonda amene anaingitsa achifwamba aja dzuwa lisanatuluke: wapaulendo uja akanafika ku Yeriko wathanzi, akanagula zogula zake, ndipo mwina akanadandaula kuti mlondayo anamfunsa mafunso ambiri pachipata. Ndimo mmene zilili ndi wapolisi wa pamsewu. Minibasi imene anaibweza chifukwa cha matayala akutha sinagubuduzike, ndipo popeza sinagubuduzike palibe mudzi umene unadziwa kuti unapulumuka. Palibe ng'oma inalira, palibe mfumu inaimirira kuthokoza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Akufa awerengeka chomwecho, koma opulumuka chifukwa cha dzanja lokwezedwa awerengedwa ndi Mulungu yekha.

Ndipo pamene ulonda walephera, ngozi n'kuchitika, pali ntchito ina imene siitchulidwa kawirikawiri. Mwambo wathu ulemekeza adzukulu, amene asambitsa mtembo, akumba manda ndi kunyamula chitanda. Pamaliro apatsidwa chakudya chawo, ndipo woyankhulira banja saiwala kuwathokoza. Adzukulu atumikira anthu owadziwa, a mudzi woyandikana nawo, amene tsiku lina adzabweza. Wapolisi afika usiku ndi tochi pamalo pamene zitsulo zapindikana, atulutsa munthu wosamdziwa dzina, amfunditsa, afufuza m'matumba mwake kuti apeze chiphaso, ndipo ndiye amene ayenera kupeza mawu ouzira abale kuti afulumire kuchipatala. Akatero abwerera kunyumba, nakhala pamkeka ndi ana ake, zimene waona zili m'maso.

Ndidziwa chimene wowerenga wasunga kukhosi chiyambire, ndipo sindichizemba. Adzati: nanga za fanta zija? Nanga kondakitala uja amene atsika ndi laisensi yopindiramo ndalama, nabwerako akuseka, galimoto n'kupitirira ndi katundu yemwe uja? Zimenezi zilipo, ndipo ndi tchimo lalikulu kuposa kuba wamba, pakuti mlonda amene wagulitsa lipenga lake wagulitsa anthu onse amene ali m'galimotomo, pamodzi ndi mwana amene akuoloka msewu patsogolopo. Yohane Mbatizi, asilikali atamfunsa chochita, sanawauze kuti asiye usilikali. Anawauza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, ndipo akhutire ndi malipiro awo. Analemekeza udindo, nadzudzula dyera. Ife tikonda kunena kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma ku nyanja kuno palibe msodzi amene ataya dengu lonse la chambo chifukwa cha imodzi; asankha. Ndiponso chiphuphu chili ndi manja awiri, ndipo dzanja lopereka nthawi zambiri ndi lathu, ife amene tiphethira magetsi kuchenjezana kuti kutsogolo kuli atrafiki, ife amene titsika rodibuloko isanafike ndi kukwera kabaza kuti tikakwerenso minibasi yomweyo patsidya.

Chifukwa chake ndiyesa kuti kulimba mtima kopambana pamsewu umenewu ndiko kwa wapolisi amene, mwezi uli pakati, ufa utachepa m'nyumba, fizi ya mwana isanalipidwe, aona ndalama itapindidwa m'laisensi, naibweza, nalemba chindapusa ndi kupereka risiti ya boma, podziwa kuti dalaivala amtukwana akangochoka, ndi kuti mwina anzake omwe amuyesa wodzikweza. Lole yothamanga aiyang'ana kamphindi. Yesero ili aliyang'ana tsiku lililonse kufikira atapuma pa ntchito. Apolisi a dziko lino anakhazikitsidwa mu 1921, dziko likadali Nyasaland, monga mkono wa boma la atsamunda. Lero atchedwa otumikira, ndipo pa Mtakataka pomwepa pali sukulu imene anyamata ndi atsikana athu aphunzirako ntchitoyi. Dzina latsopanolo liyeretsedwa kapena kudetsedwa ndi zochitika pa rodibuloko, ndipo wokana chiphuphu ndiye alisenza.

Bungwe la United Nations linavomereza mu 2005 kuti Lamulungu lachitatu la mwezi wa Novembala likhale tsiku lokumbukira ofera pamsewu. Ndipempha ansembe, abusa ndi mashehe a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, pamodzi ndi mafumu a m'dera la Inkosi Kachindamoto, kuti pa mapemphero a sabata imeneyo atchulenso apolisi amene anafa kapena kulumala ali pa ntchito, ndi kuyendera amasiye awo. Ndipo inu okwera, wapolisi akatsitsa munthu wachinayi pa mpando wanu, musamtukwane, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.