Mfundo Zofunika Zochokera M'kati mwa Kandege ka Rimoti

Tikaona kandege koyendetsedwa ndi rimoti kakupendekeka mokongola mumlengalenga, maso athu amathamangira kwa woyendetsa amene waima pabwalo. Koma ndi angati mwa ife amene timaganizira za antchito obisika m'kati mwa kandegeko? Mmenemo muli timakina totchedwa servo. Kalikonse kali ndi mota, magiya ndi kamkono kokoka kapena kukankha zipsepse za pamapiko ndi za kumchira. Woyendetsa akasuntha kamtengo pa wailesi ya m'manja, uthenga umafika pa risiva ya m'ndege, ndipo risivayo imaugawira maservo kudzera m'matchanelo. Chiyambire kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pamene mapasa a ku America, Walter ndi William Good, ankaulutsa ndege yawo yotchedwa Guff, okonda luso limeneli akhala akulimbana ndi funso limodzi: ziwalo zambiri zingamvere bwanji dzanja limodzi popanda kusokonezana? Funso lomweli timakumana nalo m'banja, mumpingo ndi kuntchito. Tiyeni, apaulendo anzanga, tilingalire pamodzi.

1. Aliyense ali ndi malo ake, ndipo malowo amadziwika pofunsa. Ndege zambiri zimauluka ndi matchanelo anayi: ya liwiro la injini, ya zipsepse zopendeketsa zotchedwa aileron, ya elevator yokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi ya tsigiro lokhotetsa. Koma opanga mawailesi sandandalika matchanelowa mofanana. Pa Futaba, tchanelo yoyamba ndi ya aileron ndipo ya injini ndi yachitatu. Pa Spektrum, injini ndiyo imakhala patsogolo. Pa risiva imodzi, pulagi ya servo imalowa bwinobwino pabowo la tchanelo iliyonse. Servo yolumikizidwa polakwika siidandaula. Imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, koma ikumvera lamulo la mwini wake wina. Kodi si zoona kuti khama lopanda malo oyenera limagwetsa zimene linafuna kukweza? Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Tikafika pamalo atsopano, tisadalire chizolowezi cha kumene tachokera. Kufunsa sikuchepetsa munthu. Kumamuika pamene mphatso yake ipindulire onse.

2. Tikhazikike pakati tisanayambe kusuntha. Servo imamva uthenga wa magetsi wobwera pafupifupi ka 50 pa sekondi iliyonse. Uthengawo ukatalika mamilisekondi 1.5, servo imaima pakati. Ukafupika kufika pa 1 imapita mbali ina, ukatalika kufika pa 2 imapita mbali inayo. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amayamba wayatsa wailesi, n'kulola servo ipeze pakati pake, kenako n'kumangirira kamkono molunjika. Akapupuluma n'kumanga kamkono kopendekeka, chipsepse chimayenda kwambiri mbali imodzi n'kuperewera mbali inayo. Wailesi ili ndi pokonzera tizolakwika ting'onoting'ono, koma siingabise maziko okhota. Nanga ife pakati pathu ndi pati? Chilungamo, kuopa Mulungu ndi ulemu kwa anzathu ndiwo malo amene mtima umabwererapo mphepo ya moyo ikatikankha. Munthu amene sanakhazikitse zimenezi amachita zopyola muyeso kwa amene amawakonda, n'kumana chifundo amene sagwirizana nawo.

3. Mawu amodzi akhoza kutuma ntchito zosiyana. Ndege zambiri zimakhala ndi servo pa phiko lililonse. Njira yapafupi yozilumikizira ndiyo waya wamphanda, wooneka ngati chilembo cha Y, umene umatenga uthenga wa tchanelo imodzi n'kuupereka kwa maservo awiri. Onse awiri amamva chimodzimodzi, pa nthawi imodzimodzi. Koma popeza anaikidwa motembenuzana, ina kumanja ina kumanzere, chipsepse china chimakwera pamene chinzake chikutsika. Kusiyana kumeneku ndiko kumapendeketsa ndege kuti ikhote. Zikanakwera zonse pamodzi, ndegeyo siikanapendekeka konse. Pano pali phunziro lakuya. Timafulumira kukayikira mnzathu chifukwa sachita monga tichitira ife. Koma pa cholinga chimodzi, wina amaitanidwa kuyankhula, wina kukhala chete n'kumvetsera; kholo lina limadzudzula, lina limatonthoza; wina amatsogolera, wina amatsalira kuti adikire ofooka. Kodi tingati amene watsika ndi wopanduka pamene kutsika kwake ndiko kukuthandiza kukwera kwathu? Umodzi weniweni umayezedwa ndi kumene tikulowera tonse, ngakhale mayendedwe athu asiyane.

4. Pali nthawi yopatsa aliyense tchanelo yakeyake. Waya wamphanda uja ndi wotsika mtengo, koma uli ndi malire. Ukafuna kukonza servo imodzi pa wailesi, inzake nayo imasuntha, chifukwa zonse zimamva mawu amodzi. Ndiponso pali zipsepse zotchedwa flap, zimene zimayenera kutsikira pamodzi kuti ndege itere pang'onopang'ono. Maservo ake akaikidwa motembenuzana pa waya wamphanda, chipsepse china chimatsika china n'kukwera, ndipo ndege imagudubuzika pamene imafunika kudekha. Choncho amisiri amapatsa servo iliyonse tchanelo yake, n'kuuza wailesi kuti iyendetse matchanelo awiriwo ndi kamtengo kamodzi. Pamenepo iliyonse imakonzedwa payokha: poimira pake, malire ake ndi mbali yoloza. Njirayi imadya matchanelo ambiri ndi nthawi yambiri, koma zipatso zake n'zokoma. Ifenso, makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri, kangati timaponya mawu amodzi kwa onse chifukwa chotopa? Mwana wamanyazi ndi mwana waliuma sawongoleredwa ndi mawu ofanana. Chikondi chimalolera kutaya nthawi kuti chimudziwe munthu payekha.

5. Mkangano wa awiri umalanda mphamvu za onse. Servo iliyonse ili ndi mawaya atatu. Umodzi, woyera kapena wa olenji, umanyamula uthenga. Wofiira wa pakati pamodzi ndi wakuda kapena wofiirira amabweretsa magetsi. Maservo wamba amagwiritsa ntchito magetsi a mavolti 4.8 mpaka 6, ndipo onse pamodzi ndi risiva amadalira gwero limodzi. Pa ndege zikuluzikulu, maservo awiri amatha kukoka chipsepse chimodzi. Malire awo akasiyana ngakhale pang'ono, amayamba kukokanakokana: amalira, amatentha, n'kumamwa magetsi ochuluka. Magetsi akatsika kwambiri, risiva imazima kwa kanthawi n'kuyambiranso, ndipo pa kanthawi kameneko ndege yonse imakhala yosamva. Tsigiro losalakwa nalo limaleka kumvera. Tiganizire bwino, abale. Awiri akamalimbirana udindo, amaganiza kuti nkhaniyo ndi yawo okha. Koma mtendere, chuma ndi chikhulupiriro zimene akuwononga n'za gulu lonse. Ana a m'nyumba ya mikangano amalipira ngongole imene sanakongole. Kodi si bwino kukhala pansi n'kugwirizana malire, mphamvu zisanathere pa kukokana?

6. Tidziyese tikadali pansi. Woyendetsa wosamala amachotsa pulopela akamakonza matchanelo, kuti injini ikadzidzimuka isavulaze munthu. Pabwalo amayamba wayatsa wailesi ya m'manja, ndege pambuyo. Kenako amaima kumbuyo kwa ndegeyo n'kuyesa kamtengo kalikonse. Akakankhira kumanja, aileron ya kumanja ikwere, ya kumanzere itsike. Akakokera kwa iye, elevator ikwere. Kuona kuti zipsepse zikugwedezeka sikokwanira. Funso ndi lakuti zikulowera mbali yoyenera kodi? Ndege ya ma aileron otembenuka imanyamuka bwino, koma ikapendekeka pang'ono, kuyesa kuiwongola ndiko kumaigwetsa msanga. Ngoziyi imagwera ngakhale akatswiri, makamaka tsiku limene aona kuti kuyesa n'kwa ophunzira. Zilinso chimodzimodzi ndi ife. Kutanganidwa sikutsimikizira kuti tikuyenda molondola. Tisanalowe m'banja, tisanayambe bizinesi, tisanalandire udindo, tiime kaye n'kufunsa mtima: ndikapanikizika, ndimakhotera kuti? Ndipo tisachite manyazi kuitana mnzathu wokhulupirika kuti aone zimene maso athu azolowera.

Chiyembekezo chathu chili apa: palibe cholakwika mwa zonsezi chimene sichingakonzedwe. Pulagi imazulidwa n'kuikidwa pabowo loyenera, kamkono kamamasulidwa n'kumangidwanso, malire amagwirizanitsidwa, mbali yotembenuka imabwezedwa. Chofunika ndi kudzichepetsa kuti tikonze nthawi ikadalipo. Choncho lero lomwe tisankhe chinthu chimodzi: tifunse za malo athu, tiyanjane ndi amene takhala tikukokana naye, kapena tipatule nthawi yomvetsera mwana amene takhala tikumuyankhula pagulu pokha. Tikatero, nyumba zathu, mipingo yathu ndi ntchito zathu zidzanyamuka molunjika, ndipo zidzafika kumene tinalinga.