Amayi Amene Analirira Mtendere ku London

Pa 30 Januwale mpingo wa ku England umakumbukira Mfumu Charles Woyamba, amene anadulidwa mutu mu 1649.

Nkhondo ya mfumuyi ndi nyumba ya malamulo inabuka mu 1642. Anakhalapo pansi kufuna mtendere ku Oxford mu 1643, ku Uxbridge mu 1645 ndi ku Newport mu 1648. Ku Uxbridge aphungu anafuna kuti mabishopu achotsedwe, asilikali akhale m'manja mwawo, mfumu inakana. Ku Newport inavomera zambiri, koma madzi anali atafika m'khosi. Asilikali anali atatopa nayo, ndipo mu Disembala anatsekereza pakhomo aphungu ofuna mgwirizano. Ife anamwino tikudziwa: bala ukalizengereza, mapeto ake ndi kudula mwendo.

Koma mtima wanga uli pa amayi. Mu Ogasiti 1643 khamu la amayi a mu London, atamanga maliboni oyera pazipewa, linapita ku Westminster kukalirira mtendere. Asilikali a pa akavalo anawabalalitsa, ena anavulala, ndipo panafa anthu. Amayiwa alibe tsiku lawo m'kalendala ya mpingo.

Pa 1 Samueli 25 Abigayeli anachingamira Davide panjira, Davide n'kumumvera, magazi osakhetsedwa. A ku London sanamveredwe, koma anapitabe. Pamsonkhano wathu tiwerenge mutu umenewu, ndipo mayi aliyense apempherere banja kapena mudzi umene akuluakulu ake sakulankhulana. Akatero akawayendere, asapite yekha, atenge mnzake.