Kodi Zoona Zimaonekera Pati?

Ulendo wa tsiku limodzi m'nkhalango ya Ntchisi uli ndi mbali ziwiri. M'mawa munthu amatsetserekera m'makwawa, momwe mitengo italiitali yatchinga dzuwa ndipo maso sapenya kupitirira mapazi makumi awiri. Anchima amangomveka m'mwamba osaoneka. Dzuwa likafika paliwombo, njira imadzera m'mitengo ya mombo ndi misuku, nikwera pamsana pa phiri popanda mthunzi, mphepo yokhayokha. Kukayera, nyanja imaoneka kum'mawa, ndipo kumwera magomo a ku Dowa ali mbee. Funso langa nali: mwa malo awiriwa, ndi pati pamene munthu amaona zoona?

Ife a sukulu timafulumira kuyankha kuti pamwamba, ndipo sikuti timanama. Pamenepo malire a nkhalango, amene boma la atsamunda lidaika mu 1924, amaoneka ngati wina wachita kulemba ndi choko: uku kobiriwira, uku minda ndi zigafa za fodya. Umaona chimene mwini mudzi sangaone ali pakhomo pake, kuti mtengo umodziumodzi wa makala kapena wa mphanda ya chigafa ndiwo ukumeta phiri lonse, ndi kuti mtsinje umene mkazi wake amatungako ukudalira mitengo yomweyo.

Koma taonani chimene kutalika kumachita. Kuchokera pamwamba, munthu amasanduka kadontho. Mayi wosenza mtolo wa nkhuni alibe nkhope, alibe mwana woti amphikire phala; ndi "kuwononga chilengedwe" kumene kukuyenda ndi miyendo iwiri. Kadontho nkosavuta kukaweruza, ngakhalenso kukasuntha. M'magomo a ku Dowa omwe aja muli Dzaleka, imene inali ndende ya anthu oganiziridwa zandale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 idasanduka msasa wa othawa nkhondo. Mu 2023 apolisi adasonkhanitsa othawa kwawo amene ankakhala m'matauni nawabwezera kumsasako, ana asukulu ndi eni timagolosale omwe. Papepala la mu ofesi lamulolo lidaoneka lolongosoka, monga momwe malire a nkhalango amaonekera uli paphiri. Akulu adati ali dere nkulinga utayenda naye, ndipo kadontho suyenda nako.

Tsono kodi tinene kuti zoona zili m'khwawa? Pamenepanso ndikukana, ngakhale mtima ukukokera komweko, pakuti masiku ano kutamanda "anthu akumudzi" ndi fasho pakati pathu. Khwawa limabisa, koma limachititsanso khungu. M'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'nkhalango yomweyi poopa nkhondo ya Angoni. Munthu wobisala chotero amadziwa kulira kwa mwana aliyense ndi kasupe aliyense, koma saona utsi wa mudzi umene ukupsa kutsidya. Anthuwo sakadapulumuka popanda wina wokwera pamsana kukasuzumira.

Mlonda wotereyu ndiye amandivutitsa maganizo ndikamayang'ana digiri imene tikuithamangirayi. Akadaima pamalo pomwe timaima ife, naona patali monga ife. Komatu pansi paja sakadaona madontho, chifukwa mwa obisalawo mukadakhala mayi ake ndi mlongo wake. Ndipo poima poyera chotero, adaniwo akadayamba kuona iyeyo.