Kodi Ndi Chilungamo Kusamutsa Ochepa Kuti Ambiri Aone Kuwala?

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu umatifikira m'maganizo boma likafuna kumanga damu la magetsi kapena kuyala makina otapa mphamvu ya dzuwa pamalo pomwe anthu amalima. Magetsi ochokera ku madzi, dzuwa ndi mphepo ndi abwino chifukwa gwero lake silitha, ndiponso safuka utsi ngati malasha. Komabe makina ake samangidwa m'malere. Amafuna malo, ndipo malowo ali ndi eni ake. Tsono funso nali: mvula ikagwera tonse, ndani ayenera kuponda matopewo?

Tiyeni tiyambe taona zomwe zidachitika ku Kariba. Damu limeneli lidamangidwa pamtsinje wa Zambezi pakati pa 1955 ndi 1959, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kuti madzi apeze pokhala, Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'chigwa chawo. Iwo adasiya madimba achonde ndi manda a makolo awo, napita kumtunda kouma. Mu 1958 anthu asanu ndi atatu a m'dera la Mfumu Chipepo adaphedwa ndi apolisi pokana kusamuka. Magetsi atayamba kutuluka, adalunjika kumigodi ndi kumizinda, pamene midzi yambiri ya osamutsidwawo idatsala mumdima kwa zaka zambiri.

Ena amati zoterezi n'zosapeweka popeza ubwino wa anthu ambiri umaposa kudandaula kwa ochepa. Maganizo amenewa sitingawataye msanga. Kuno ku Malawi mabanja ambiri amaphikira nkhuni ndi makala, motero mapiri akuyera. Dothi lokokoloka m'mapirimo limakathera mu Shire, n'kumasokoneza makina a ku Nkula ndi ku Tedzani. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Izi zidaonetsa kuopsa kodalira mtsinje umodzi, komanso kufunika kwa ntchito zonga ya magetsi a dzuwa ya mamegawati 60 yomwe idatsegulidwa ku Salima mu 2021. Kukana chitukuko nakonso kuli ndi matope ake. Amawaponda ndi mayi wochira pakuwala kwa tochi ndi mwana wowerenga pakoloboyi.

Ngakhale zili choncho, kuwerenga mitu ya anthu kokha sikuthetsa mlandu. Tikavomera kuti ochepa aziponderezedwa nthawi iliyonse pomwe ambiri apindula, palibe amene angagone tulo, pakuti aliyense wa ife tsiku lina adzapezeka m'gulu la ochepa. Cholakwa cha ku Kariba sichidali kufuna magetsi ayi. Chidali chakuti amene adasenza katundu sadafunsidwe, ndipo sadadye nawo phindu lake.

N'chifukwa chake kusamutsa anthu kungakhale kwachilungamo pokhapokha patachitika zinthu zitatu. Choyamba, eni malo afunsidwe mapulani asanatsirizidwe, osati kungouzidwa mathirakitala atafika kale. Chachiwiri, wolandidwa munda apatsidwe munda wina wachonde chofanana, chifukwa ndalama za chipukutamisozi zimatha m'chaka chimodzi pamene nthaka imadyetsa ndi zidzukulu zomwe. Chachitatu, magetsiwo ayambe kuyaka pasukulu ndi pachipatala cha osamukawo asanapite kutali. N'chipongwe kuti mawaya adutse pamwamba pa denga la munthu amene adapereka munda wake, iye akuunikira muuni.

Ntchito ya damu la Mpatamanga pamtsinje wa Shire idzatiyesa ngati taphunzirapo kanthu. Ena mwa inu ophunzira mudzakhala akatswiri olemba mapulani a ntchito zoterezi. Podula mzere pamapu, mudzayambe mwadzifunsa ngati mukadavomera mzerewo ukadadutsa pamunda wa agogo anu.