Za Fuluwenza ndi Cibayo: Mau kwa Abale a ku Wovwe

Inu a ku Wovwe ndi midzi yonse ya kunyanja, mwezi uno tifuna kulankhula nanu za cimfine cacikuru, dzina lace fuluwenza, ndi za cibayo cimene citsata pambuyo pace. Pakuti pakagwa maliro a mwana amene sabata latha anali kusewera pabwalo, mitima ya ambiri ithamangira kufunsa kuti wamlodza ndani, ndipo zala ziloza nkhalamba ya kumapeto a mudzi. Koma tiwerenga m'Yohane 9 kuti pamene ophunzira anafuna kudziwa wocimwa pa za munthu wosaona cibadwire, Ambuye wathu anakana kuloza munthu ali yense. Tiyeni tsono timve cimene cicitika m'cifuwa ca wodwala.

Kacirombo ka fuluwenza, kamene a cipatala akati vairasi, nkakang'ono kopambana, ndipo sikakhoza kuswana pa kokha. Kayenera kulowa m'thupi la camoyo cina, monga kaufiti wa m'munda sakula popanda muzu wa cimanga (ndipo taonani, ngakhale iyeyo ali ndi dzina lokha la ufiti, koma ndi therere cabe). Kwao kweni kweni kwa kacirombo aka ndi m'matumbo a mbalame za m'madzi, abakha ndi atsekwe a kuthengo, amene kawiri kawiri akanyamula osadwala. Nthawi zina kadumphira nkhuku kapena nkhumba; ndipo mitundu iwiri ikakomana m'nkhumba imodzi isinthana ziwalo, nipabadwa mtundu watsopano umene matupi a anthu sanaudziwe ndi kale lonse. Ndimo unabadwira mtundu wa 2009, umene unayamba kuoneka ku Mexico. Pakati pa ife anthu kayenda ndi timate ta kutsokomola ndi kuyetsemula, ndi pa manja osasamba.

Makolo athu anaona ukali wace. Nkhondo yaikuru ija inafika mpaka pa Karonga mu September 1914. Ndipo pakutha pace, kumapeto a 1918, fuluwenza inalowa m'dziko muno, niyenda ndi asilikari ndi amtengatenga obwerera kwao. Pa dziko lonse lapansi inapha anthu ngati 50 miliyoni.

Koma apa pali codabwitsa, ndipo mucherepo khutu. M'caka ca 2008 madokotala a ku America anayesanso zidutswa za mapapu a anthu akufa ndi mliri uja, zosungidwa zaka 90, napeza kuti ambiri anatsirizidwa ndi cibayo ca tizirombo tina, ta mtundu wa bakiteriya, timene tikhala kale m'mphuno ndi kummero kwa anthu amoyo ndi olimba. Inde, m'mphuno mwathu momwemu. A kafukufuku a ku Chilumba, amene anayamba nchito yao pa khate m'caka ca 1979, anayesanso mphuno za anthu m'mabanja a dera lathu lino, napeza kuti ana ang'ono ambiri ali nato tizirombo ta cibayo, osadwala konse.

Nanga cifukwa ninji sitidwala masiku onse? Cifukwa Mlengi anaika alonda m'njira ya mpweya. M'kati mwace muli timaubweya tosaoneka, tosesa mamina ndi pfumbi kukwera nazo kumwamba usana ndi usiku, kuti mapapu akhale oyera; mulinso asilikari a m'mwazi akudya tizirombo totsikira pansi. Tsono fuluwenza ikalowa iononga timaubweya tija, nisupula khungu la m'katimo, nitopetsa asilikari. Pamenepo bakiteriya, amene anakhala cete pakhonde zaka zambiri, apeza citseko cosatseka, natsikira m'mapapu, naswana m'menemo. Mlendo athyola mpanda, koma mbeu zidyedwa ndi mbuzi za pakhomo pomwe.

Cifukwa cace cenjerani ndi malungo aciwiri. Munthu adwala cimfine masiku angapo, nayamba kupeza bwino, nabwerera kumpunga kwace. Ndipo mwadzidzidzi thupi litenthanso, m'nthiti mubaya, mpweya ucepa. Pa mwana muyang'ane kupuma kofulumira, ndi cifuwa colowa m'kati pokoka mpweya, ndi kukana bere. Tsiku limenelo si la kuombeza ula kapena kudikira Sabata. Mutengeni kunka naye kucipatala lomwelo, pakuti mankhwala akupha bakiteriya alipo. Koma mankhwala omwewo sagwira vairasi, ndipo iwo amene agula makapisozi pamsika pa cimfine ciri conse angophunzitsa tizirombo kupirira mankhwala, naphanso tizirombo tabwino ta m'mimba timene tithandiza thupi.

Cilamulo ca Mose, m'Levitiko 13, cinalamula wansembe kubindikiritsa munthu wokayikitsa nthenda masiku 7. Cotero wa cimfine asacite manyazi kutsala kunyumba tsiku la mapemphero. Akuru a mpingo adzamcezera, nadzakhala naye panja pamphepo. Potsokomola tsekani kukamwa ndi nsaru kapena cigongono. Nkhuku zakufa zokha musadye, muzikwirire, ndipo ana asagone m'nyumba imodzi ndi abakha. Ndipo inu amai, kuyambira November 2011 katemera wa cibayo aperekedwa kwaulere kusikelo, katatu, mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Onani m'buku la mwana wanu ngati katatu konse kanalembedwa.