Kodi Wokuposa Ndiye Mdani Wako?

Abale, alipo mau amene timamva kawirikawiri, ngakhale pakhomo pa nyumba ya Mulungu pomwe, akuti Mkristu sayenera kupikisana ndi mnzache, pakuti mpikisano ubala nsanje. Mau awa ali ndi nzeru, ndipo ine sindiwapeputsa. Koma tiyeni tiwayese pa mbiri ya anthu awiri a ku Ulaya, kuti tione ngati aima ponseponse.

Woyamba dzina lache Oscar Egg, wa ku Switzerland, dziko la mapiri, wobadwa chaka cha 1890. Ntchito imene ankadyera inali kupalasa njinga pa mipikisano, makamaka pa bwalo lomangira njinga zokha. Bwalo lotere nlozungulira, ndipo pokhota pache mpopendekeka ngati m'mbali mwa mbale, kuti wothamanga asagwere kunja. Mwa mipikisano ya pamenepo ulipo umodzi wowawa koposa. Munthu akwera njinga yekhayekha, wopanda mnzache womtchinga ku mphepo, nazungulira ora limodzi lathunthu osapuma. Ndipo ora likatha, oweruza ayesa mtunda umene wayenda.

Chaka cha 1907 Marcel Berthet, wa ku France, anayenda makilomita 41 ndi mamita 520 mu mzinda wa Paris, ndipo zaka zisanu panalibe womposa. Chaka cha 1912 Egg, mnyamata wa zaka 22, anafika pa bwalo lomwelo, lotchedwa Buffalo, napitirira makilomita 42. Tsono taonani chimene chinatsata. Mwezi wa August 1913 Berthet anabwera nayenda makilomita 42 ndi mamita 741. Patapita masabata awiri okha Egg anayenda 43 ndi mamita 525. Mwezi wa September Berthet anayankha ndi 43 ndi mamita 775. Ndipo chaka cha 1914 Egg anayenda makilomita 44 ndi mamita 247, ndiko kuti ngati mailosi 27 ndi theka. Chaka chomwecho nkhondo yaikulu inabuka, ndipo kulimbana kwao kunathera pomwepo.

Ine chondigwira mtima pa mawerengero awa si kupambana kwa Egg ai, koma za Berthet wopambanidwayo. Munthu uyu anakhala zaka zisanu ali pamwamba, ndipo kapena anayesa kuti mphamvu yache yonse ndi imene anaionetsa mu 1907. Koma atamposa mnyamata uja, anapeza m'miyendo yache momwemo mamita ena 2,255. Kodi anali kuti mamitawa masiku onse aja? Analimo ndithu, koma ali chigonere, chifukwa panalibe wowadzutsa. Abwenzi omuombera m'manja sanawadzutse. Anawadzutsa ndi yemweyo amene anamlanda ulemu.

Wina adzati, Inde, koma anthuwa ankafuna ndalama ndi kutchuka, ndipo izi nzachabe. Ndivomera, pakuti anali olipidwa, ndipo sindinena kuti mitima yao inali yoyera kuposa yathu. Koma tayang'anitsani mapangidwe a mpikisanowo. Pa bwalo pali munthu mmodzi yekha. Sangathe kumpinga mnzache, kapena kumkankha, kapena kumboolera mpira wa njinga, pakuti mnzacheyo palibe. Watsala mtunda wache wokha wolembedwa m'buku. Njira yomposera ndi imodzi, ndiyo kudzilanga thupi ndi kupalasa kolimba kuposa kale. Apa mpamene ine ndiona kusiyana kwa mpikisano ndi nsanje. Zonse ziwiri zibadwa pa kuwawa kumodzi, kuwawa kwa kumva kuti wina wakuposa. Koma pambuyo pache zipatukana: china chikuuza kuti ukwere, china chikuuza kuti umtsitse mnzako.

Malembo ationetsa njira ziwirizi. Kaini ataona kuti nsembe ya mbale wache yalandiridwa, khomo linali lotseguka kuti akonze mtima wache ndi nsembe yache. Koma iye anasankha kuchotsa Abele. Sauli atamva akazi alikutama Davide koposa iye, anatenga mkondo. Koma Paulo mtumwi, pofuna kuti Akorinto asonkhe mphatso za abale osauka a ku Yerusalemu, anawasimbira za Akristu a ku Makedoniya, kuti anapereka kwambiri ali aumphawi. Kodi sikuwapikisanitsa kumeneko? Akadakhala kuti mpikisano uli wonse ndi tchimo, Paulo sakadagwira chida chotere.

Ife tomwe tidziwa kuwawa kuja. Nkhokwe ya mnzathu ikadzala pamene yathu ili pakati, kapena mwana wache akatha kuwerenga wathu asanathe, mtima umaluma, ndipo asaname munthu kuti sumluma. Pamenepo wina alawirira m'mamawa kukaona makulidwe a mizere ya mnzacheyo ndi kufunsa za mbeu yache. Wina akhala pabwalo nayamba kunong'ona kuti ujeni ngwokhwima, chimanga chimenecho si cha khasu. Mau otere apasula midzi ndi mipingo, ndipo sanaonjezepo chitsononkho chimodzi m'nkhokwe ya wowanenayo.

Chotsala chovuta ndi ichi: wopalasa kolimba sanalonjezedwe kuti adzapambana. Berthet anachita zonse zoyenera, nathera wachiwiri. Amene alowa mpikisano ayenera kulowa alikudziwa kuti kapena mphotho yache idzakhala yokhayo, kuti wakhala woposa umo analiri dzulo, dzina lapamwamba lili kwa wina. Ndiyesa kuti ambiri a ife tithawira ku nsanje chifukwa mphotho yotere itichepera.

Ngakhale wopambanayo sanakhalitse pampando. Mtunda wa Egg unaima zaka 19, ndipo chaka cha 1933 ena anaupitirira. Iye pamenepo anali atasiya kuthamanga, ali ndi sitolo ya njinga ku Paris, alikupanga chipangizo chosinthira magiya chotchedwa Super Champion, chothandiza anyamata ena kukwera mapiri mosavuta. Chaka cha 1937 Roger Lapébie anapambana mpikisano waukulu wa Tour de France ali ndi chipangizo chimenecho pa njinga yache. Egg anamwalira ku Nice chaka cha 1961.